MTENGO WA SITAMPA

Munthu aliyense amene analemberapo abale ace kumudzi adziwa kuti kalata siyenda yopanda sitampa. Kodi mwambo umenewu unacokera kuti?

Unacokera ku Mangalande. Kumeneko kale wolipira anali wolandira kalata, ndipo mtengo unali kukula monga mwa kutalika kwa ulendo. Kalata yocokera ku London kunka ku Edinburgh inali kudya ndarama zoposa sheleni. Amphawi ambiri anali kukana makalata a ana ao, pakuti analibe colipira.

M'caka ca 1837 Rowland Hill anaonetsa kuti kunyamula kalata sikutha ndarama zambiri ai. Cimene cinali kuzitha ndico nchito ya makalaliki owerenga mitunda ndi kulonjerera malipiro khomo ndi khomo. Cotero mu 1840 Boma linaika mtengo umodzi: kobiri limodzi pa kalata yopepuka, kulikonse m'dzikomo, ndipo wolipira akhale wotumiza. Sitampa yoyambayo inali yakuda, ya nkhope ya Mfumukazi Victoria. Caka comweco makalata anacuruka koposa kawiri.

Mtengo wa kobiri unakhala zaka 78. Nkhondo yaikuru ndiyo inaukweza mu 1918; pofika 1957 unali tiki, mu 1965 makobiri 4. Pakuti malipiro a anchito ndi a sitima akakwera, sitampa nayo imatsatira pambuyo.