ZA MAPHUNZIRO A SAYANSI M'SUKULU ZATHU ZA SEKONDALE

Pali mau amene amveka kawirikawiri pa bwalo la tchalitchi Misa itatha, makamaka nyengo imene ana a sekondale abwera kudzapumula kumudzi. Makolo ena ati: Mwana wathu tinamtumiza ku sukulu ya Mishoni kuti akaphunzire nzeru ndi kuopa Mulungu, koma taonani, wabwera ndi mau achilendo, ati dziko lapansi silinalengedwe masiku asanu ndi limodzi, ati malungo sabwera ndi mfiti, ati mbeu ya m'nkhokwe yathu siyenera kubzalidwa. Kodi aphunzitsi a sayansiwa satiwonongera ana? Funso limeneli si lopusa iai, ndipo wolifunsa tisamseke, pakuti munthu amene wagulitsa mbuzi ndi mtedza kuti alipire fizi ayenera kudziwa chimene mwana wake achilandira. Chifukwa chake ndifuna kulongosola pano chimene chichitika m'kalasi la sayansi, ndi chimene Eklezia anena za icho.

Ansembe a Montfort atafika ku Nzama m'chaka cha 1901, ndi a White Fathers ku Mua m'chaka cha 1902, sukulu zawo zoyamba zinali za kuwerenga, kulemba, masamu ndi katekisimu. Sekondale inadza mochedwa. Ya ku Blantyre, ya mipingo ina, inayamba mu 1940, ndipo yathu ya Katolika ku Zomba mu 1942. Mu 1946 anafika ku Mtendere Abulazala a Marist, a chipani chimene Marcellin Champagnat Woyera anachiyambitsa ku France mu 1817 kuti chiphunzitse ana a m'midzi. Lero sukulu zachuluka, za anyamata ndi za atsikana, monga ku Likuni, Stella Maris, Providence, Marymount ndi Chaminade. Zonsezi zitsata maphunziro amene Boma likonza, ndipo ana ake alemba mayeso a MANEB pamodzi ndi ana a sukulu zina zonse. Tsono dziwani ichi poyamba: palibe sayansi ya Katolika payokha ndi sayansi ya akunja payokha. Madzi awira chimodzimodzi mu mphika wa Mkristu ndi mu mphika wa wosabatizidwa.

Tiyeni tilowe m'chipinda chimene achitcha labotale, tione nchito imodzi ya ana. Mphunzitsi aika chomera mumdima masiku awiri. Kenaka aphimba mbali ina ya tsamba ndi pepala lakuda, natulutsa chomeracho padzuwa kwa maora angapo. Ana athyola tsambalo, naliviika m'madzi owira, naliika mu sipiliti wofunda kufikira kubiriwira kwake konse kutachoka, nalitsuka, nalidonthezera mankhwala otchedwa ayodini. Pamene panaomba dzuwa pada bii. Pamene panali pophimbika pangokhala pofiirira. Potero mwanayo waona ndi maso ake kuti tsamba lipanga chakudya chake ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo chakudyacho, chimene achitcha sitachi, ndicho chomwecho chimene chiri mu ufa wa nsima yathu. Amai amene aletsa kubzala chimanga pansi pa mtengo wa mango anadziwa kale kuti mumthunzi sichibala. Mwanayu tsopano adziwa chifukwa chake.

Ndipo pali chinthu china m'nchito imeneyi chimene chindikondweretsa koposa. Mphunzitsi wabwino alamula mwana kuti alembe chimene waona, osati chimene buku linena kuti akadaona. Tsamba likapanda kusintha mtundu, alembe kuti silinasinthe, nafufuze pamene panalakwika. Wolemba nambala yonama kuti akondweretse mphunzitsi wachimwira sayansi, ndipo wachimwiranso lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu, loletsa umboni wonama. Apa ndipo pamene sukulu ya Mishoni iyenera kuposa zina, ngati ili nacho choposera. Kumene kulibe zipangizo, mphunzitsi angolemba pa bolodi, ana nangoloweza. Ine ndine katekisiti, ndipo kuloweza sindikunyoza, pakuti mapemphero athu onse tinachita kuloweza. Koma sayansi yongoloweza iri ngati khasu lopachikidwa kudenga, limene silinalimepo ndi mzere umodzi womwe.

M'makalasi apamwamba ana akumana ndi dzina la Gregor Mendel, ndipo ambiri aliloweza osadziwa kuti mwini wake anali wansembe. Anabadwa mu 1822, mwana wa mlimi wosauka, nalowa chipani cha Augustino Woyera mu mzinda wa Brno, m'dziko limene lero litchedwa Czech Republic, nadzozedwa unsembe mu 1847. Kuyambira 1854 kufikira 1868 anaphunzitsa sayansi pa sukulu ya sekondale ya mumzindamo, ngakhale mayeso a uphunzitsi anamkanika kawiri. Ana athu amene agwa mayeso amve chimenechi, asataye mtima. M'dimba la nyumba ya amonke, kuchokera 1856 mpaka 1863, anabzala nsawawa zokwana ngati 28,000, akutenga mungu wa duwa ili ndi kaburashi ndi kuupaka pa duwa linalo, nawerenga njere imodziimodzi. Atakwatitsa nsawawa ya njere zosalala ndi ya njere zamakwinya, ana ake onse anatuluka osalala, monga ngati makwinya atheratu. Koma atabzala anawo, makwinya anaonekanso mwa adzukulu: njere zosalala 5,474, zamakwinya 1,850, ndiko kuti zitatu zosalala pa imodzi yamakwinya. Pamenepo anazindikira kuti cholengedwa chilandira chizindikiro chimodzi kwa atate ndi china kwa amai, ndi kuti china chikhoza kubisala mbadwo wathunthu osatayika, ndi kudzaonekera mtsogolo. Anasindikiza zimenezi mu 1866, koma anthu sanazisamale. Anamwalira mu 1884 ali mkulu wa nyumba ya amonke, ndipo mu 1900 ndi pamene akatswiri ena anaona kuti wansembe uja ananena zoona. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kapena wina adzati: Nsawawa za ku Ulaya zitikhudza bwanji ife? Zitikhudza m'munda ndi m'nyumba momwe. Chimanga cha haibulidi chimene tigula m'sitolo chiri ngati ana oyamba aja a nsawawa: achipanga pokwatitsa mitundu iwiri yosankhidwa, ndipo chituluka chofanana ndi champhamvu. Mukasunga njere zake ndi kubzala chaka chamawa, mwabzala adzukulu, ndipo zobisika zija ziyamba kuonekera: phesi lina lalitali, lina lalifupi, zisononkho zina zazing'ono, ndi zokolola zichepa. Chimanga cha makolo sichitero kwenikweni, ndipo nchifukwa chake agogo anali kusunga mbeu chaka ndi chaka osabvutika. Tsono mwana wonena kuti mbeu ya m'nkhokwe isabzalidwe wanena zoona za haibulidi, ndipo atate ake osunga mbeu ya makolo sanalakwe. Chofunika ndicho kufunsana kuti ndi chimanga chiti.

Koma chachikulu ndi ichi, ndipo ndipempha kuti muchiwerenge mofatsa, muwawerengerenso amene sadziwa kuwerenga. Pakati pathu pabadwa ana a khungu lachialubino, atate ndi amai onse awiri ali akuda. Amai ambiri alira misozi chifukwa cha ichi: ena anenezedwa chigololo, ena athamangitsidwa pa ukwati, ena auzidwa kuti analodzedwa kapena analakwira mwambo ali ndi pakati. Lamulo limene Mendel analipeza liyankha zonsezi. Chizindikiro cha chialubino chiri cha mtundu wobisala uja, ndipo mwana sabadwa wotero pokhapokha atachilandira kwa onse awiri, kwa atate ndi kwa amai. Makolo awiri akakhala nacho chobisika, pa mimba iriyonse pali mwai umodzi mwa inai kuti mwanayo adzakhala wachialubino. Mwamuna amene athamangitsa mkazi wake pa chifukwa ichi adziwe kuti theka la chimene akwiyira chachokera m'thupi mwake momwe. Ndipo kuyambira chaka cha 2014 dziko lathu linachita manyazi pamaso pa maiko onse, pamene anthu oipa anayamba kusaka ndi kupha abale athu amenewa, ndi kufukula manda awo, poganiza kuti m'mafupa mwawo muli chuma. Mulibe kanthu m'menemo koma chimene chiri m'mafupa a inu ndi ine. Khungu lawo lisowa utoto umene utchinjiriza ku dzuwa, ndipo chimene afuna kwa ife ndi chipewa, malaya a manja aatali, mafuta odzola oteteza khungu, ndi malo a patsogolo m'kalasi popeza maso awo saona patali. Mwana wa sekondale amene angathe kufotokoza zimenezi pa bwalo la mfumu watumikira lamulo lachisanu la Mulungu koposa ulaliki wanga wa chaka chathunthu.

Za malungo sindichulutsa mau. Mu 1880 sing'anga wa ku France, Alphonse Laveran, anaona tizilombo take m'magazi a wodwala, ndipo mu 1897 Ronald Ross anatipeza m'mimba mwa udzudzu ku India. Mwana akatentha thupi, mthamangire naye kuchipatala akampime magazi, ndipo nkhalamba ya kuseri kwa mudzi muisiye mu mtendere.

Tsopano tifike pa chimene chiopsa makolo koposa, ndicho za chilengedwe cha dziko. Mphunzitsi auza ana kuti dziko lapansi lakhala zaka ngati mabiliyoni 4.5, ndi kuti thambo lonse ndi nyenyezi zake linayamba zaka ngati mabiliyoni 13.8 zapitazo. Mwana atsekula buku la Genesis, napeza masiku asanu ndi limodzi, mtima wake nugawanika. Ana ena pamenepa ataya Malembo, ena ataya sayansi, ndipo onse awiri ataya chabe. Eklezia aphunzitsa kuti Malembo Oyera atiuza amene analenga zonse, ndi chifukwa chimene anazilengera, ndi ulemu wa munthu pakati pa zolengedwa. Sanalembedwe kuti akhale buku la kuwerenga zaka za miyala. Msonkhano Woyamba wa ku Vatican unanena mu 1870 kuti chikhulupiriro ndi nzeru sizingatsutsane kwenikweni, popeza Mulungu mmodzi ndiye apatsa zonse ziwiri. Ndipo mmodzi mwa amene anayamba kuonetsa ndi masamu, mu 1927, kuti thambo lirinkufutukuka, nanenanso mu 1931 kuti linayamba liri lothinana pamodzi, anali wansembe wa ku Belgium, Bambo Georges Lemaître, amene anaphunzitsa ku yunivesite ya Katolika ya Louvain. Iye mwini sanafune kuti masamu akewo agwiritsidwe nchito ngati umboni wa Genesis, pakuti anaona kuti mafunso awiriwo ali osiyana. Za kusinthika kwa zamoyo, Papa Pius XII analola mu 1950 kuti akatswiri afufuze chiyambi cha thupi la munthu, malinga tigwiritse kuti mzimu wa munthu aliyense Mulungu aulenga yekha.

Sindibisa kuti akulu a Eklezia analakwapo pa nkhani zotere. Mu 1633 anazenga mlandu Galileo chifukwa chophunzitsa kuti dziko lapansi lizungulira dzuwa, namkakamiza kukana mau ake, namsunga m'nyumba mwake kufikira imfa yake. Galileo ndiye ananena zoona, ndipo mu 1992 Papa John Paul II anabvomera poyera kuti oweruza aja analakwa. Mphunzitsi wa sukulu ya Mishoni aifotokoze nkhani imeneyi yekha, yonse, osachotsako. Mwana akadzaimva koyamba kwa munthu wonyoza chipembedzo, adzayesa kuti tinambisira, ndipo adzakayika ndi zina zonse zimene tinamuuza.

Pali cholakwa chimene ndichiona mwa ana, ndipo sindichiika pa sayansi koma pa ubwana. Wina ataphunzira mau awiri atatu a Chingerezi abwera kumudzi mapewa ali m'mwamba, nayamba kuseka agogo ake. Koma agogowo ndiwo adziwa kuviika chinangwa chowawa kuti ululu wake uchoke, ndiwo adziwa kubzala nandolo ndi nyemba pakati pa chimanga kuti nthaka isaguge, zaka zambiri buku lisananene za timatuza ta ku mizu timene tikoka chonde mumpweya. Mphunzitsi wanzeru atuma ana kukafunsa zimenezi kwawo, nabwera nazo ku labotale kudzaziyesa. Palinso cholakwa cha ife makolo, pamene tiuza mwana wamkazi kuti masamu ndi fizikisi ndi za amuna. Anamwino, azamba ndi madokotala amene tiwafuna pa chipatala cha Mishoni alowera pa khomo la bayoloje ndi kemisitire, ndipo mtsikana amene tamfooketsa ali mu Folomu 1 sitidzampeza tsiku limene mlongo wake adzabvutika pa uchembere.

Pa tchuthi cha Pasaka, chimanga chikali chachiwisi, mutengeni mwana wanu mupite naye kumunda, mumfunse akuonetseni chimene anaphunzira. Akusendereni chisononkho chanthete mosamala, ndipo mudzaona kuti ulusi uliwonse wa ndebvu zake upita ku njere yakeyake. Mungu ugwa kuchokera ku ngayaye, ndipo ulusi umene sunalandire mungu usiya malo opanda njere. Ndicho chifukwa chake chimanga chimene chinamasula pa nthawi ya ng'amba chituluka cha magweru. Ndipo mukapeza njere ziwiri zitatu zachikasu pa chisononkho choyera, musayese kuti wina wakuchitani chipongwe: mungu wake unachokera m'munda wa mnansi wanu amene anabzala chachikasu, nuuluka ndi mphepo kudutsa malire.