Madzi ochuluka ndiwo amapha alovera ndi zomera zinzake

Anthu ambiri amene amadzala alovera pakhomo amadandaula kuti chomerachi chimafota ndi kuwola ngakhale kuti amachithirira tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti kuthirirako ndiko kumachipha.

Alovera ali m'gulu la zomera zosunga madzi m'masamba kapena m'tsinde, momwenso muli khonje wopangira zingwe ndi nkhadze yomwe makolo akhala akutchingira midzi. Zomerazi zinazolowera malo ouma: alovera anachokera kudera la Arabia, pomwe khonje anachokera ku Mexico. Zambiri mwa izo zimatseka timabowo ta pamasamba masana ndi kutitsegula usiku kunja kukazizira, kotero madzi omwe zamwa sauluka msanga. Izi zikutanthauza kuti mizu yake sifuna kukhala m'chinyontho nthawi yaitali, ndipo ikatero imasowa mpweya n'kuyamba kuwola.

Chifukwa cha ichi, ntchito yaikulu ili pa dothi. Dothi lamakande, lomwe limamata ndi kusunga madzi, siliyenera. Chofunika ndi kusakaniza mchenga wokhakhala wa kumtsinje ndi dothi la m'munda muyezo wofanana, n'kuwonjezerapo timiyala kapena makala oswaswa komanso manyowa owolerana pang'ono chabe. Mphika, chitini kapena ndowa yodzalamo iyenera kukhala yobowola pansi. Mphika wadothi umaposa wapulasitiki poti umatulutsa chinyontho m'mbali mwake.

Kachulukitsidwe kake kamasiyana malinga ndi mtundu wa chomera. Alovera amatulutsa ana m'mbali mwa tsinde monga ichitira nthochi. Mwana akafika masentimita 10 mpaka 15 ndipo ali ndi mizu yakeyake, amulekanitse ndi make pogwiritsa ntchito mpeni wakuthwa ndi woyera bwino. Ena amayesa kudzala tsamba la alovera, koma kawirikawiri tsambalo limangowola osamera mizu. Njira ya tsamba imatheka pa maluwa ena monga Echeveria, Kalanchoe ndi Crassula ovata, yomwe kwawo ndi ku South Africa ndi Mozambique. Tsamba lokhwima alithothole lathunthu, aligoneke pamwamba pa dothi, ndipo pakatha masabata angapo timizu ndi kachomera zimatuluka pamene linathothokera. Khonje naye akatulutsa mlongoti wa maluwa amabereka tiana tambirimbiri pamlongotiwo, ndipo n'todzalika, pamene make amafa akangomaliza kubereka.

Pomwe ambiri amaphonya ndi apa: chodulidwacho sachidzala tsiku lomwelo. Chimafunika kukhala pamthunzi pouma kwa masiku atatu mpaka sabata imodzi kufikira bala litauma ndi kuchita kankhanambo, chifukwa bala laliwisi likakhudza dothi lonyowa limalowetsa matenda owoletsa. Ngakhale atachidzala, mwini wake adikire masiku ena angapo asanathirire koyamba.

Pothirira palibe kuwerenga masiku. Munthu apise chala m'dothi, ndipo akapeza chinyontho aleke. Akapeza louma athire madzi okwanira mpaka atulukire pansi pa mphika, kenako adikire kuti liumenso. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala dothi limauma msanga, koma mu Juni ndi Julayi zomerazi zimatha masabata atatu kapena kuposerapo osafuna madzi, makamaka kumadera a chiperoni monga Thyolo ndi Mulanje. Nyengo ya mvula, miphika ndi bwino kuisunthira pakhonde.

Chomera chimasonyeza chokha vuto lake. Masamba ofewa, achikasu ndi ooneka ngati onyowa ndi chizindikiro cha madzi ochuluka, pomwe masamba opyapyala ndi okwinyika akusonyeza ludzu. Laludzu limachira likangothiriridwa, koma lowola limafuna kuzulidwa, kudula mbali yonse yakuda, kuumitsa ndi kudzalanso m'dothi latsopano. Chomera chotalika monyozoloka ndi chotuwa ndiye kuti chikusowa kuwala. Achisendeze kudzuwa pang'onopang'ono kuopa kuwaula masamba. Tizilombo toyera ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa chinangwa, amatichotsa popukuta ndi kansalu konyika mu sipiliti.

Nkhadze imamera mosavuta podula nthambi, koma utomoni wake woyera ngati mkaka umatentha khungu ndipo ukalowa m'maso ungathe kuwononga kupenya. Wogwira ntchitoyi avale zoteteza manja ndi maso, ndipo ngozi ikachitika atsuke disolo ndi madzi ambiri oyera n'kuthamangira kuchipatala. Utomoni wachikasu wa pansi pa khungu la tsamba la alovera nawo umatsegula m'mimba, ndipo suyenera kumwedwa ndi amayi oyembekezera ngakhalenso ana.

Dziko lino lili ndi mitundu yakeyake ya m'banja la alovera yomera m'mapiri ndi m'miyala, monga Aloe mawii wa kuphiri la Zomba ndi Aloe cameronii, yemwe akatswiri anamulemba koyamba m'chaka cha 1903 kuchokera ku chomera chotengedwa kuno. Mitundu yotereyi ndi yotetezedwa pa malonda a pakati pa mayiko kudzera m'pangano la CITES, kupatula alovera weniweni yemwe amalimidwa ponseponse. Kukazula zomerazi kuthengo kumachepetsa chiwerengero chake, pamene alovera mmodzi wokhwima wa kwa mnansi amatha kupereka ana okwanira makomo angapo chaka chilichonse.