Ophunzira a ku yunivesite akamagwira nchito yongodzipereka, amapindulanji?

Makolo ambiri ku Tsangano ndi ku Macanga amafunsa kuti: "Mwana tamulipirira sukulu ndi ndalama za fodya ndi kacewere, ndiye pa chuthi abwere kudzagwira nchito yopanda malipiro?" Funsoli n'lomveka. Tiyeni tilione bwinobwino.

Nchito yotereyi si yacilendo m'dziko lathu. Pamene Moçambique inalandira ufulu mu 1975, anthu pafupifupi 93 mwa 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Zaka zimenezo ophunzira a ku Universidade Eduardo Mondlane ankatumizidwa kumidzi ndi kumafakitale mwezi wa Julaye, pa nchito yochedwa Actividades de Julho, ndipo mu 1978 boma linayambitsa nchito yaikulu yophunzitsa akuluakulu m'dziko lonse. Nkhondo inasokoneza zonsezi. Ambiri a kwathu kuno anathawira ku Malawi, n'kubwerera pambuyo pa pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992. Pa kalembera wa 2017, akuluakulu 39 mwa 100 alionse anali asanadziwebe kuwerenga. Ndiye kuti munda ukadalipo, alimi ndiwo acepa.

Lero yunivesite ili pafupi. UniZambeze imaphunzitsa zaulimi ku Ulónguè ndi zaumoyo mumzinda wa Tete, ndipo UniPúnguè, yomwe inakhazikitsidwa mu 2019, imasula aphunzitsi. Nanga ophunzirawa akabwera kumudzi amatolako ciani?

Coyamba ndi luso. Wophunzira zaulimi amadziwa dzina la matenda a mbatata m'buku, koma akaima m'dimba ku Ntengo-wa-Mbalame n'kuona masamba akuda ngati awauka ndi moto, m'pamene phunzirolo limakhazikika. Mlimi nayenso ali ndi zace zomuuza: mbeu iti imapirira cisanu ca kumapiri, tirigu amafesa liti.

Caciwiri ndi cilankhulo. Maphunziro ambiri a ku yunivesite ali m'Cipwitikizi. Munthu angathe kukhoza mayeso koma n'kulephera kufotokozera agogo ace m'Cinyanja kamwedwe ka mankhwala. Pakati pa 1993 ndi 1997, pulogalamu ya PEBIMO inayesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi m'cigawo cino ca Tete, ndipo inaonetsa kuti mwana amamasuka m'kalasi akayamba ndi cilankhulo ca kwao. Wophunzira amene waphunzitsapo amai a ku Furancungo kuwerenga pepala la ngongole ya feteleza ndi manambala a pa sikelo ya fodya, amabwerera ku sukulu ali ndi lilime lakuthwa mbali zonse ziwiri.

Cacitatu ndi mbiri yathu. Za banja la Caetano Pereira lomwe linalamulira Macanga mpaka 1902 zinalembedwa ndi alendo, koma za ulendo wothawira ku Ncheu ndi ku Dedza zili m'mitu mwa nkhalamba zomwe zikutha caka ndi caka. Kope ndi foni n'zokwanira kuti zisungidwe.

Cacinai ndi dzina labwino. Olemba nchito amafunsa kuti, "Munagwirapo kuti?" Kalata ya umboni yocokera kwa mkulu wa sukulu, ku cipatala kapena ku bungwe la alimi imayankha funsoli. Lamulo la m'caka ca 2011 lonena za nchito yongodzipereka limazindikira nchitoyi. Paja kupatsa n'kuika.

Komatu tisabise mau. Wongodzipereka si waganyu waulere: asalowe m'malo mwa munthu woyenera kulembedwa nchito, ndipo amene amuitana aganizireko za cakudya ndi ulendo wace. Nayenso adziwe malire ace. Wa caka coyamba ca zaumoyo angaphunzitse za neti ndi madzi aukhondo, koma asalembere munthu mankhwala. Asanayambe, ayambe wakaonekera kwa amfumu, ndipo asankhe nthawi yoyenera, cifukwa mu Disembala ndi Januwale anthu amakhala ali kumunda mpaka dzuwa litapendeka.

Conco makolo, mwana akapempha masabata awiri kapena atatu kuti akathandize, tisamuletse. Ndipo inu ophunzira, musadikire galimoto ya bungwe. Bolodi, coko ndi mthunzi wa mtengo zilipo kale pamudzi.