Mark X Yomwe Inatuwa Chifukwa Chokondedwa

M'mapepala ake inalembedwa kuti ndi yakuda, koma ikamadutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi anthu ankaiona yotuwa mbuu. Dzuwa la Mangochi, lija silichita nthabwala mu Okutobala, likangomenya pa boneti pankatuluka timizere tambirimbiri tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude. Munthu ukasuntha, nato tinkasuntha. Pa zitseko momwemo, padenga ndiye osanena. Taganizani galimoto yonyamula akwati, maluwa ndi maliboni zili ngwee, koma pansi pake penti yothetheka, yosaonetsa ngakhale chithunzithunzi cha munthu woima pafupi.

Chikhalirecho Toyota Mark X imeneyi inali isanagundepo kanthu. Inkangokondedwa mopitirira. M'mawa uliwonse anyamata ankaitsuka m'mbali mwa Shire: ndowa imodzi, sopo waufa wochapira zovala, ndi malaya akale osanduka sanza. Sanzayo inkayambira kumatayala, n'kugwa pansi, n'kutoledwa, n'kukwera pa boneti. Mchenga wa kunyanja umamveka wofewa kuphazi, koma ndi wolimba kuposa penti. Masana fumbi la msewu wa ku Monkey Bay likatera, dalaivala ankalipukuta louma, mozunguliza dzanja, akuimba mluzu.

Mwini wake anali atayamba kale kufunsa mtengo wopentanso. Ndiye anakumana ndi mnyamata wina wongobwera kumene kuchokera ku Joni, kumene anyamata ambiri a boma lino amapita kukasaka ganyu. Iyeyu ankagwira ntchito yotsuka magalimoto ku Johannesburg, ndipo m'chikwama chake anabweretsamo makina opolishira. Anayendetsa chikhadabo pa boneti, sichinakodwe.

"Bwana, musapentenso ayi. Penti yanu ilipo, yangobisala."

"Achimwene, mukunena galimoto yomwe ino?"

Ankadziwa chimene akunena. Pamwamba pa mtundu wa galimoto pamakhala vanishi woonekera wotchedwa clear coat, wopyapyala kuposa pepala la m'kope. Timizere tija timakhala m'menemo, ndipo timamwaza kuwala m'malo mokubweza molunjika. Makina satseka timizereto. Amapala vanishiyo pang'ono zedi mpaka pamwamba ponse pafanane. N'chifukwa chake ntchitoyi siyochita mwezi ndi mwezi, vanishi akatha watha.

Anayamba mbandakucha, m'shedi, chitsulo chisanatenthe, poti pa boneti yotentha polishi amauma asanagwire ntchito. Anaitsuka kawiri. Anamata tepi pa mapulasitiki ndi m'ngodya zonse, kumene penti imakhala yochepa ndipo makina akangochedwapo amaiwotcha. Kenaka anadula boneti pakati ndi mzere umodzi wa tepi. Timadontho tochepa ta polishi wokhakhala pa siponji, kachigawo kakang'ono, makina n'kumayenda pang'onopang'ono, chopingasa kenaka chotsika. Thukuta linali kamukamu. Magetsi atazima anakabwereka jenereta, ntchito osaima. Atatha anasintha siponji, n'kubwerezanso ndi polishi wosalala, akuunika ndi tochi ya foni ngakhale kunja kunali kutayera.

Pamene anamatula tepi ija, a kabaza omwe ankaonerera anakuwa. Boneti imodzi, magalimoto awiri! Kumanzere kale lija, mbuu, timizere tili balala. Kumanja bii, kwakuya, konyezimira, malata a shedi akuoneka mzere ndi mzere mpaka misomali yake. Mwini galimoto anaweramira, n'kudziona imvi za m'ndevu, n'kuseka mpaka kugwira bondo. Ankafuna kukhudza, mnyamata uja anamugwira dzanja.

Galimoto yonse inadya tsiku lathunthu ndi m'mawa wotsatira, pomaliza n'kuipaka phula loteteza. Chinatsala n'chimodzi: mzere wakuya pa chitseko chakumbuyo, pomwe handulo ya njinga inakala mpaka kufika pa penti yapansi. Pamenepo chikhadabo chinkakodwa, ndipo mnyamatayo anakana kulimbana napo. Ine ndinamulemekeza pa chimenecho kuposa pa kuwala konse kuja, chifukwa wadyera akanapala mpaka kuboola.

Lero ikaima pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria, nsanjayo imaoneka yonse m'chitseko. Kale ojambula paukwati ankaimika akwati kutsogolo kuti abise boneti. Lero amawauza kuti apatuke pang'ono galimoto ioneke, ndipo amayi a m'gulu la mkwatibwi amakonzera maduku awo m'mbali mwake popita ku Nkopola. Anyamata a ku Shire aja ntchito sanachotsedwe, koma malamulo asintha: ndowa ziwiri, ina ya sopo wa galimoto, ina yotsukuluzira nsalu, matayala ndi nsalu yakeyake, ndipo fumbi louma osalipukuta. Malaya akale aja anapita kukapukuta injini. Mtengo wobwereka galimotoyo nawo wakwera, ndipo Loweruka lililonse mpaka mvula itagwa ndi lotengedwa kale.