Msilikali akabwerera m'kalasi kukaphunzira kulera atsogoleri

M'mphepete mwa mtsinje wa Hudson, makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa mzinda wa New York, muli sukulu ya usilikali ya West Point, yomwe dziko la America linakhazikitsa m'chaka cha 1802. Chaka ndi chaka sukuluyi imalandira anyamata ndi atsikana oposa 1,000, ambiri mwa iwo ongomaliza kumene sekondale. Pakatha miyezi 47 amatuluka ndi digiri komanso udindo wa lefutenanti, ndipo posakhalitsa ambiri amapatsidwa asilikali 30 kapena 40 oti aziwatsogolera, ena oposa iwo msinkhu. Kodi amene amasula achinyamatawa kuti akasenze katundu wotere, iyeyo anasulidwa ndi yani?

Ophunzira pafupifupi 4,400 a pasukuluyi agawidwa m'magulu 36. Gulu lililonse, la anthu oposa 100, lili ndi msilikali wamkulu wa udindo wa kaputeni kapena meja, wotchedwa Tactical Officer, mwachidule TAC, ndipo amathandizana ndi sajeni wodziwa ntchito. TAC saphunzitsa masamu kapena mbiri yakale. Iye ndi mlangizi, woweruza milandu ya mwambo, ndipo nthawi zina amakhala ngati kholo. Wophunzira akalephera mayeso, akamwa mowa mophwanya lamulo, kapena akalandira uthenga wa maliro kwawo, nkhaniyo imafika pa tebulo lake.

Amene amasankhidwa pa ntchitoyi ndi asilikali oti anatsogolerapo kale anzawo, ena mpaka ku nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan. Komatu kudziwa kulamula si kudziwa kulera. N'chimodzimodzi mlimi wokolola zochuluka: sikuti akasankhidwa kukhala mlimi wotsogola ndiye kuti pompo wadziwa kuphunzitsa anzake.

N'chifukwa chake m'chaka cha 2005 West Point inagwirizana ndi Teachers College, sukulu ya ukachenjede ya maphunziro ya pansi pa yunivesite ya Columbia, n'kuyambitsa Eisenhower Leader Development Program. Dzinali ndi la Dwight Eisenhower, yemwe anamaliza maphunziro ku West Point mu 1915 ndipo pambuyo pake anakhala pulezidenti wa dzikolo. Pa ndondomekoyi msilikali ankachotsedwa pa ntchito kwa chaka chathunthu, asanakumane n'komwe ndi gulu lake, kuti apeze digiri yachiwiri ya maphunziro a maganizo ndi khalidwe la anthu m'magulu ndi m'mabungwe. Mmodzi mwa aphunzitsi ake anali W. Warner Burke, katswiri wodziwika pa nkhani ya momwe mabungwe amasinthira. M'kalasimo simunali za mfuti ayi. Munali za momwe gulu limagwirizanirana kapena kugawanikirana, momwe munthu wamkulu amaphunzirira, ndiponso luso lomvetsera ndi kufunsa mafunso m'malo mothamangira kupereka yankho.

Phunziro lovuta koposa pa ntchitoyi ndi la kudziletsa. Ku West Point ophunzira a m'makalasi apamwamba ndiwo amayendetsa gulu tsiku ndi tsiku: amakonza ndandanda, amayendera zipinda, amadzudzula achichepere. Mwalamulo mwini gulu ndi TAC, koma akamangolowerera pa chilichonse chimene chikupendekeka, ophunzirawo adzatuluka asanalawe kuwawa kwa chiganizo cholakwika. Kwa munthu wozolowera kuti akalankhula zinthu zichitike nthawi yomweyo, kuonerera mnyamata wa zaka 21 akusokoneza ntchito yomwe iye akanaimaliza m'mphindi zisanu ndi mayeso aakulu. Ayenera kuzindikira kulakwa komwe kungasiyidwe kuti kuphunzitse, ndi komwe kungavulaze munthu.

Pali kafukufuku amene amaunikira bwino mfundoyi. Akatswiri ena, kuphatikizapo Philip Lewis ndi George Forsythe, anatsatira ophunzira a pasukuluyi kwa zaka zingapo pogwiritsa ntchito maganizo a Robert Kegan wa ku Harvard, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2005. Anapeza kuti ambiri amalowa akuyeza zinthu potengera phindu kapena chilango chimene iwo eni angalandire, ndipo pang'onopang'ono ndi pomwe amayamba kulabadira zomwe gulu likuyembekezera kwa iwo. Tanthauzo lake n'lakuti wophunzira wa chaka choyamba akhoza kumvera lamulo lililonse chifukwa cha mantha chabe, mumtima musanasinthe kanthu. Mlangizi wosadziwa zimenezi akhoza kuyesa kuti ntchito yatha pomwe sinayambe.

Mbiri ya sukuluyi ikuonetsa chomwe chimachitika mantha akachoka. Lamulo lake la ulemu limaletsa bodza, chinyengo ndi kuba, komanso kubisa mnzako wochita zimenezi. Ngakhale zili choncho, mu 1976 ophunzira oposa 150 anachoka kapena kuchotsedwa atabera mayeso a zamagetsi. Komiti yofufuza, yotsogoleredwa ndi Frank Borman, yemwe anazungulirapo mwezi pa chombo cha Apollo 8, inapeza kuti sukuluyo nayonso inali ndi mbali yake pa vutolo, ndipo oposa 90 anabwezeretsedwa.

Digiri ya alangizi siinatseke khomo limeneli. Mu Meyi 2020, ophunzira ali kwawo chifukwa cha mliri wa Covid-19, analemba mayeso a masamu kudzera pa intaneti popanda wowayang'anira pafupi. Aphunzitsi anadabwa kuona kulakwitsa kofanana pa mapepala ambiri, ndipo ophunzira 73 anaimbidwa mlandu, pafupifupi onse a chaka choyamba. Ambiri anavomera. Mu Epulo 2021 sukuluyo inalengeza kuti asanu ndi atatu achotsedwa, oposa 50 abwereza chaka, ndipo ndondomeko yomwe inkapeputsira chilango ovomera okha kulakwa yathetsedwa.