Jombo yoviikidwa mumtsinje siinayere

Mvula ikagwa mu Januwale, majombo amatuluka m'nyumba zambiri ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri. Jombo yomweyo imaponda matope a mumsika, imalowa m'dimba, ndipo mwini wake akapita kumudzi amalowa nayo m'damu la nsomba la amalume ake. Pobwerera amaiviika mumtsinje kawiri katatu, n'kunena kuti yayera. Ambirife tinakula tikumva kuti madzi oyenda amatsuka chilichonse. Amene anatiphunzitsa sananame kwenikweni, pakuti matope amachokadi ndipo fungo limatha. Koma tilipo tamoyo tosaoneka ndi maso timene timafa ndi dzuwa, pomwe madzi amangotisunga.

Anthu a ku New Zealand anaphunzira zimenezi movutika. Mu 2004 anapeza ndere yachilendo yotchedwa didymo mumtsinje wa Waiau, pachilumba chawo chakumwera. Ndereyi imakuta miyala ya pansi pa mtsinje ngati bulangete lonyowa. Asodzi a kumeneko ankakonda majombo okhala ndi nsalu yokhuthala kunsi kwake, imene Angerezi amati felt, kuti asaterereke pamiyala. Kunja jombo imaoneka youma, koma mkati mwa nsaluyo chinyezi chimakhala masiku ambiri, ndipo ndere imafika yamoyo kumtsinje wina. Mu 2008 dzikolo linaletsa asodzi a m'mitsinje kuvala majombo otere. Dera la Maryland ku America linachitanso chimodzimodzi mu 2011, ndipo Alaska inatsatira mu 2012.

Wina anena kuti izi n'zakutali, kuno majombo athu ndi a labala. Zoona. Koma ukonde wopindidwa uli wonyowa, dengu, chidebe ndi thumba lonyamulira nsomba zimasunga chinyezi mofanana ndi nsalu ija.

Umboni tili nawo kwathu konkuno. M'nyengo yozizira ya 2020, ku Mchinji, m'mitsinje ndi m'madambo othira mu Bua, anthu anayamba kugwira nsomba za zilonda zofiira, zina zitadyeka mpaka mnofu kuonekera. Milamba inali m'gulu la zokhudzidwa kwambiri. Akatswiri atayeza anatsimikiza kuti ndi matenda otchedwa EUS, ndipo boma linaimitsa kusodza, kugulitsa ndi kunyamula nsomba m'madera okhudzidwawo. Matendawa anaoneka koyamba ku Japan mu 1971, ndipo mu Africa anatulukira mu 2006 m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Kuchoka ku Mchinji anafikanso m'maboma ena oyandikana nawo.

Nsomba zikafa zambiri nthawi imodzi, maganizo a munthu amathamangira kwa mnzake: wina wathira katupe, wina wathira mankhwala mwanjiru, penanso amatchula ufiti. Kuno ku Blantyre timaloza zonyansa zimene zimatayidwa mu Mudi, ndipo pamenepo sitilakwa kudandaula, chifukwa madzi oipa amafooketsa nsomba ndi kuwononga khungu lake. Komabe chimene chimakumba zilonda za EUS ndi kachilombo konga nkhungu kotchedwa Aphanomyces invadans. Mbewu zake zimasambira m'madzi, zimalowa pamene khungu la nsomba lakandika, n'kumera kulowa mumnofu. Zimakonda nyengo yozizira ndiponso madzi akasefukira. Zimayenda ndi nsomba yodwala, ndi madzi otungidwa m'damu lina kupita lina, komanso ndi zipangizo zonyowa. Zimandimvetsa chisoni kuganiza kuti anansi angadane poganizirana zoipa, pomwe matenda anabwera ndi ukonde wobwerekana mwachikondi.

Enanso amaopa kuti zilondazo zimalumphira kwa munthu. Kachilomboka sikagwira anthu. Chikhalirecho nsomba ya zilonda zakuya kapena yopezeka itafa kale si yoyenera kuphika, chifukwa pabalapo pamalowa majeremusi ena otsegula m'mimba.

Chikhulupiriro chimene ndimachimva kwambiri m'tauni n'chakuti nkhani za nsomba n'za a ku Mangochi ndi a ku Chilwa, ife timangogula. Taganizirani za mlamba wauwisi wogulidwa ku Limbe. Mayi amautumbula pakhomo, matumbo ndi madzi otsukira n'kuzikhuthulira m'ngalande. Ngalandeyo ikathira mu Nasolo kapena mu Naperi, ulendo wake ndi wa ku Mudi, kenako Likhubula, mpaka Shire, kumene anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amadalira usodzi. Palinso anthu a m'tauni amene akukumba madamu m'mphepete mwa mzinda ndi kumidzi kwawo, ndipo ena amatenga mbewu ya nsomba kwa mnzawo m'chigubu, osadziwa madzi amene yachokera.

Amene akukayika kuti chamoyo chachilendo chingafike pakhomo la munthu wa ku Zingwangwa akumbuke namasupuni. Kwawo ndi ku South America, ndipo anthu anamufalitsa m'maiko ambiri chifukwa cha maluwa ake okongola. Pa Shire wachulukana mpaka makina amakhala akumuwola ku Liwonde, ndipo iye ndi zinyalala zina akatseka polowera madzi ku Nkula, magetsi amachepa. Chigayo cha ku Chilomoni chimaima, wowotcherera zitsulo ku Ndirande amakhala manja lende. Kachidutswa kamodzi kokodwa mu ukonde kapena pansi pa bwato n'kokwanira kuyambitsa namasupuni m'damu limene munalibe.

Kachilombo ka EUS kakalowa mumtsinje palibe mankhwala okachotsera, n'chifukwa chake zochita zathu zili pakhomo. Chotsani matope ndi udzu pa jombo ndi pa ukonde musanachoke pamadzi amene munali. Tsukani ndi sopo kutali ndi mtsinje, ndipo yanikani padzuwa mpaka ziume gwa, kenako zikhalebe masiku awiri musanalowe nazo m'madzi ena. Matumbo a nsomba akwirireni m'dzenje. Mbewu ya nsomba muifunse kwa alangizi a zausodzi kapena kumalo ofufuzira ulimi wa nsomba ku Domasi, ndipo mukaona nsomba ya zilonda m'damu lanu kapena pamsika, auzeni alangiziwo tsiku lomwelo.