FONI SI DOKOTALA: Pakamwa pakapotoka, thamangirani ku Gulupu

Masiku ano pa msika wa Nancholi, ku Limbe ngakhale m'tauni, ena akamva m'thupi amayamba afunsa foni. Pa intaneti pali mapulogalamu oti ukalemba zomwe ukumva, amakutchulira matenda. Ine sindikuletsa, nanga bandulo si mumagula nokha? Koma alipo matenda amene foni ingakuchedwetseni nawo mpaka kumanda: sitiroko, matenda ofa ziwalo aja.

Sitiroko imabwera mtsempha wa mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, ndipo gwero lake lalikulu ndi BP yokwera. Imagwira mwadzidzidzi. Mayi akuwerenga chenji, ndalama zangopulumuka m'manja. Lilime lalemera, mawu sakumveka, akuyenda dzandidzandi. Anzake pa benchi ayamba kuseka, ati kachasu wa m'mawa. Ena ati amulodza chifukwa geni ikuyenda. Mwana wake ndiye ali kalikiliki kulemba "chizungulire" pa foni. Abale, nthawi yonseyo ubongo ukufa!

Mapulogalamuwa adayesedwa kale. Mu 2015 akatswiri a ku Harvard, ku America, adayesa 23 mwa iwo. Matenda enieni adatchulidwa poyambirira ka 34 kokha pa 100. Chinanso, foni imangodalira zomwe mwalemba. Pakamwa popotoka simaona.

Ndiye yesani nokha, n'zaulere. Muuzeni amwetulire: mbali imodzi yagwa? Akweze manja onse: limodzi likutsika? Atchule dzina lake: mawu akumveka? Chimodzi chokha chikalakwika, sungani nthawi yomwe zayambira, pezani galimoto, ulendo wa ku Queen Elizabeth, ku Gulupu. Musamumwetse madzi, phala kapena mapiritsi, angatsamwe. Ngakhale atatsitsimuka patapita mphindi zochepa, mupite nayebe, limenelo ndi chenjezo. Shuga akatsika kwambiri amachitanso zofanana, koma osiyanitsa ndi achipatala.

Nanga foni ntchito yake n'chiyani? Ngati manja akhala akunjenjemera kwa miyezi, kapena mayendedwe akusintha pang'onopang'ono monga zimakhalira ndi matenda a Parkinson, werengani ndithu, mukonze mafunso okafunsa dokotala.

Ndikudziwa, kusiya tomato pa benchi tsiku lathunthu n'kuluza. Koma tomato mudzaodanso mawa, pomwe mkono wakufa umafuna miyezi ya mafizo, mwinanso osabwerera. Sabata ino kayezetseni BP, mutengane ndi mnzanu wa benchi yoyandikana.